Ngwazi zamseri: kodi mafilimu a nkhani yochotsa mimba akutiuza zoona?

M'chaka cha 2022 ku America kunatuluka mafilimu awiri onena za gulu limodzi la amayi a mumzinda wa Chicago. Ina ndi The Janes, momwe amayi amene pano ndi okalamba akufotokoza okha zimene ankachita ali atsikana. Inayo ndi Call Jane, ya sewero, momwe muli Elizabeth Banks ndi Sigourney Weaver. Chaka chomwecho, pa 24 June, khothi lalikulu la dzikolo linafafaniza chigamulo cha mlandu wa Roe v. Wade cha 1973, chimene kwa zaka pafupifupi 50 chinkateteza ufulu wa mayi wochotsa mimba. Mafilimu amene anakonzedwa kuti akumbutse anthu zakale anasanduka chenjezo la zimene zikubwera.

Ife ophunzira zolembalemba timaphunzitsidwa kufunsa mafunso awiri pa nkhani iliyonse: kodi wolemba akufuna kuti tikonde ndani, nanga potikondetsa munthu ameneyo watibisira chiyani? Ndaonera mafilimu angapo a nkhani yochotsa mimba mobisa ndili ndi mafunso amenewa, ndipo maganizo anga ndi akuti filimu ikatichititsa kuombera m'manja anthu ogwira ntchitoyi mseri, n'kutituluka mtima uli m'malo, imakhala yatinamiza pang'ono. Njira yamseri imakhalapo chifukwa khomo lakutsogolo latsekedwa, ndipo odutsamo amalipira ndi ndalama, ndi thupi, ena ndi moyo. Filimu yabwino pa nkhaniyi ndi imene siimatilola kuiwala mtengo umenewo.

Tiyambe ndi a ku Chicago aja, poti nkhani yawo ndi yoona. Mu 1965 mtsikana wina wa payunivesite, Heather Booth, anathandiza mchemwali wa mnzake kupeza dokotala woti amuchotse mimba. Mbiri inawanda, mafoni anachuluka, ndipo pofika 1969 panali gulu lokhazikika. Mayi akakhala pamavuto ankaimba foni n'kufunsa za "Jane", dzina longopeka. Ankamutengera kunyumba ina yodikirirapo, kenako pagalimoto kupita kunyumba ina kumene ntchitoyo inkachitikira. Patapita nthawi amayiwo anatulukira kuti bambo amene ankamudalira sanali dokotala n'komwe. Anaganiza kuti ngati iye anaphunzira, nawonso angathe. Ataphunzira, mtengo unatsika kwambiri, kuchoka pa madola mazanamazana kufika pa ndalama imene mayi wosauka akanakwanitsa. Akuti pofika 1973 gululi linali litathandiza amayi pafupifupi 11,000. Mu 1972 apolisi anagwira asanu ndi awiri mwa iwo, ndipo ali m'galimoto ya apolisi ena anang'amba timakadi tolembapo mayina a amayi ofuna thandizo n'kumeza zidutswazo. Milandu yawo inathetsedwa chigamulo cha Roe chitaperekedwa.

Nkhani yotere wopanga filimu aliyense angaikhumbire. Call Jane inaitenga n'kuikamo mayi wongopeka, Joy, mkazi wa loya, wokhala m'nyumba yabwino. Mimba yake ikuopseza mtima wake, koma komiti ya pachipatala, ya amuna okhaokha, ikukana kumuthandiza, ndipo akukambirana za iye ngati kuti m'chipindamo mulibe. Gawo limeneli ndi lamphamvu. Vuto langa lili pa kusankha Joy kuti akhale maso athu. Opanga filimu anafuna mayi amene woonera aliyense angamukhululukire: wokwatiwa, waulemu, wodwala, wosalakwa chilichonse. Koma New York italola kuchotsa mimba mu 1970, amayi a ndalama ngati Joy ankangokwera ndege. Amene anatsala akuimba foni ya Jane ambiri anali osauka, ndipo ochuluka mwa iwo anali akuda. Mu filimuyi muli mayi wakuda mmodzi m'gululo, Gwen, amene akudandaula za zimenezi, koma nkhani imabwerera msanga kwa Joy ndi kulimba mtima kwake. Woonera amatuluka akumva kukoma, ngati waonera timu yake ikupambana. The Janes, pokhala ya anthu enieni, ndi yoona mtima kuposa inzake, chifukwa amayiwo akuvomereza okha za mantha amene anali nawo ndiponso za kusiyana pakati pa iwo ndi amene ankawathandiza.

Chiyeso chosandutsa munthu wamseri kukhala woyera mtima chinayamba kale. Mu Vera Drake, filimu ya Mike Leigh ya 2004 imene inapata mphoto yaikulu ku Venice, Imelda Staunton akusewera mayi wa ku London wa mu 1950, wogwira ntchito yokolopa m'nyumba za anthu olemera. Vera amasamala mayi ake okalamba, amayendera odwala, ketulo yake siichoka pamoto. Amathandizanso atsikana "amene ali pamavuto", ndipo salandira kalikonse. Sakudziwa kuti mnzake Lily, amene amamupezera atsikanawo, amawalipiritsa. Mtsikana wina atatsala pang'ono kufa, apolisi akufika pakhomo pa Vera tsiku limene banja likusangalalira chinkhoswe cha mwana wake, ndipo khothi likumupatsa zaka ziwiri ndi theka.

Chimene filimuyi inachita bwino ndi kuika pambali pa nkhani ya Vera nkhani ya Susan, mwana wa m'nyumba ina imene Vera amagwirako ntchito. Susan wagwiriridwa ndipo ali ndi mimba. Iye akupita kwa dokotala, dokotala akumutumiza kwa katswiri wa matenda a maganizo, katswiriyo akumufunsa mafunso amene mayankho ake akudziwika kale, ndipo zonse zikuchitika m'chipatala chaukhondo pa mtengo wowirikiza ka 50 umene Lily amalipiritsa. Lamulo ndi limodzi, dziko ndi limodzi, koma wina akugona pabedi loyera, wina pabedi la m'nyumba ya lendi ndi beseni pambali. Komabe filimu itatuluka, Jennifer Worth, mzamba amene anagwira ntchito m'madera osauka a London m'zaka za m'ma 1950, analemba m'nyuzipepala ya The Guardian kudzudzula kuti njira imene Vera akugwiritsa ntchito inali yoopsa ndi yopweteka kwambiri kuposa mmene filimu ikuonetsera. Kwa ine chidzudzulo chimenechi n'chofunika. Mtima wabwino wa Vera sungaphe tizilombo toyambitsa matenda, ndipo filimu ikatikondetsa kwambiri nkhope yake timaiwala kufunsa za atsikana amene sanabwerenso kudzanena mmene zinathera.

Claude Chabrol wa ku France anakana chiyeso chimenechi mu Une affaire de femmes ya 1988. Anatenga nkhani ya Marie-Louise Giraud, mayi amene boma la Vichy linamudula mutu mu July 1943 chifukwa chochotsa anthu mimba. Mayi amene Isabelle Huppert akusewera ndi wokonda ndalama, wokonda zovala, wosaleza mtima ndi mwamuna wake. Chabrol sakutipempha kuti timukonde. Akutifunsa ngati boma limene linkathandiza kutumiza Ayuda, ndi ana omwe, ku misasa ya imfa linali ndi nkhope yophera mayiyu m'dzina la kuteteza moyo. Funso limenelo limaluma kwambiri chifukwa mayiyo si mngelo.

Filimu imene ndimaiona kuti inafika penipeni ndi 4 Months, 3 Weeks and 2 Days ya Cristian Mungiu wa ku Romania, imene inapata mphoto ya Palme d'Or ku Cannes mu 2007. Kuti muimvetse muyenera kudziwa mbiri yake. Mu 1966 wolamulira wankhanza Nicolae Ceaușescu, pofuna kuchulukitsa anthu m'dziko, anakhazikitsa lamulo lotchedwa Decree 770 loletsa kuchotsa mimba kupatula pa zifukwa zochepa. Njira zolerera zinasowa. Amayi ankayezedwa ngakhale kuntchito kuti boma lidziwe amene ali ndi pakati. Chaka chotsatira ana obadwa anachuluka pafupifupi kawiri, koma posakhalitsa chiwerengero chinayambanso kutsika chifukwa anthu anapeza njira zamseri. Ofufuza amati amayi pafupifupi 10,000 anafa ndi njira zimenezi lamuloli lisanachotsedwe mu December 1989, ndipo ana ambirimbiri anatayidwa m'nyumba za ana amasiye.

Mungiu sakutiuza ziwerengero zimenezi. Akutionetsa tsiku limodzi la mu 1987 m'moyo wa atsikana awiri ogona chipinda chimodzi kuhositelo ya payunivesite. Găbița ndiye ali ndi mimba, koma kamera ikutsatira mnzake Otilia, amene akuthamanga kubwereka ndalama, kugula fodya wa pamsika wamseri woti anyengerere naye anthu, kuchonderera wa pahotela kuti awapatse chipinda. Aliyense amene anakhalapo kuhositelo adzazindikira moyo umenewu wobwerekana sopo ndi kudziwirana zinsinsi. Bambo wodzachotsa mimbayo, Bebe, atamva kuti Găbița ananama za miyezi ndipo ndalama n'zoperewera, akunena kuti atsikana onse awiri agone naye. Alibe kothawira. Sangapite kupolisi poti nawonso ndi olakwira lamulo. Apa ndi pamene pali choonadi chimene Call Jane inachizemba: chinthu chikakhala chamseri, wamphamvu m'chipindamo ndiye amaika mtengo, ndipo palibe woti ukamudandaulire.

Pali gawo lina limene kamera siisuntha kwa mphindi zingapo. Otilia wasiya mnzake ali gone kuhotela, wapita kuphwando la tsiku lobadwa la mayi a chibwenzi chake, wakhala pakati pa akuluakulu amene akukamba za zakudya ndi za ana a masiku ano. Sakulankhula. Ife tokha ndi amene tikudziwa chimene chili m'mutu mwake. Atabwerera kuhotela, Mungiu akutionetsa kamwana kochotsedwako kali pansi m'bafa, ndipo kamera ikukhalapo nthawi yoti sungayang'ane kumbali. Ena ochirikiza ufulu wochotsa mimba sanakondwe ndi chithunzi chimenechi. Ine ndimachiona kuti ndi ulemu kwa woonera. Filimuyi siikunena kuti chachitikachi n'chopepuka. Ikunena kuti ngakhale chili cholemera chotero, lamulo silinachiletse, langochisamutsira m'chipinda cha hotela ndi kuchipereka m'manja mwa Bebe. Pomaliza atsikana awiriwo akugwirizana kuti sadzaikambanso nkhaniyi.

Happening ya Audrey Diwan, imene inapambana ku Venice mu 2021, ikuchokera m'buku la Annie Ernaux lofotokoza zimene zinamuchitikira iye mwini mu 1963 ali wophunzira. Ernaux analandira mphoto ya Nobel mu 2022. Anne, mtsikana wa m'filimuyi, ndi mwana wa banja wamba amene maphunziro ndiwo njira yake yokhayo yotulukira. Pakanema pakulembedwa masabata mmene akupitira, ndipo woonera amayamba kuwerenga naye limodzi. Chondikhudza n'chakuti kwa nthawi yaitali palibe gulu lililonse lomuthandiza. Anzake akuopa ndende. Dokotala wina akumupatsa mankhwala ngati omuthandiza, pamene ndi olimbitsa mimbayo. Akugulitsa mabuku ake kuti apeze ndalama. Atafika kuchipatala magazi ali chuchuchu, tsogolo lake lonse likudalira mawu amodzi amene dokotala alembe pa fayilo: akalemba kuti wapita padera apulumuka, akalemba kuti wachotsa mimba nkhani ipita kupolisi. France inasintha lamulo mu 1975 kudzera mwa nduna Simone Veil, ndipo mu March 2024 inaika ufuluwu m'malamulo aakulu a dziko.

Mwina mwaona kale chimene chikufanana pa mafilimu onsewa. Ndi a azungu, ndipo onse akunena zakale: 1943, 1950, 1963, 1968, 1987. Zovala zakale, magalimoto akale, mafoni a chingwe. Woonera wa ku London kapena Paris amatha kupuma n'kunena kuti tinachokera kutali. Koma bungwe la WHO limati pa dziko lonse mimba pafupifupi 45 pa 100 zilizonse zimene zimachotsedwa zimachotsedwa m'njira zosatetezeka, ndipo mu Africa muno ndi pafupifupi zitatu pa zinayi zilizonse. Nkhani imene sinema ikuiika m'nyumba yosungiramo zakale, kwathu kuno ndi ya lero.

N'chifukwa chake ndimailemekeza Lingui, The Sacred Bonds ya Mahamat-Saleh Haroun wa ku Chad, imene inaonetsedwa ku Cannes mu 2021. Amina ndi mayi wolera yekha mwana kunja kwa mzinda wa N'Djamena, amapeza ndalama poluka mbaula ndi mawaya ochotsa m'matayala akutha. Mwana wake Maria, wa zaka 15, ali ndi mimba ndipo amuchotsa sukulu. Lamulo likuletsa, chipembedzo chimene Amina amachikonda chikuletsa, ndalama za dokotala wamseri alibe. Thandizo likuchokera kwa amayi anzake, kwa m'bale wake amene anasiyana naye kalekale, ndi kwa mzamba wina wogwira ntchito mwakachetechete. Kuno kulibe gulu la dzina ndi nambala ya foni ngati ku Chicago. Kuli ubale, ngongole za mtima, ndi mayi amene anatayidwapo ndi abale ake pa chifukwa chomwechi ndipo walumbira kuti mwana wake sadutsa momwemo. Ngakhale Haroun naye akuwakomera mtima amayi ake, mwina mopitirira, sakubisa kuti mimbayo inabwera mwa nkhanza za munthu wamkulu wolemekezeka wa pafupi.

Pali ulusi umene ukulumikiza Vera Drake ndi ife. Vera akuimbidwa mlandu pansi pa lamulo la ku Britain la 1861. Malamulo athu a milandu tinawalandira kwa atsamunda omwewo, ndipo mpaka lero ndime 149 mpaka 151 zimapereka zaka 14 kwa wochotsa mnzake mimba, zaka 7 kwa mayi wodzichotsa yekha, ndi zaka 3 kwa wopereka mankhwala kapena zipangizo. Ndime 243 ndiyo imapereka mpata pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Eni ake lamulolo anasintha mu 1967. Kafukufuku wa bungwe la Guttmacher Institute ndi College of Medicine anapeza kuti mu 2015 mokha m'Malawi munachotsedwa mimba pafupifupi 141,000. Bungwe la Law Commission linapereka maganizo osintha lamuloli chaka chomwecho, koma mu March 2021 aphungu anakana ngakhale kukambirana biluyo. Anzathu a ku Zambia ali ndi lamulo lololeza pa zifukwa zingapo kuyambira 1972, South Africa kuyambira 1996, Mozambique kuyambira 2014. Ndiye tikamaonera Susan ndi atsikana a Vera, tisanamizire kuti sitikuwadziwa. Tonse timadziwa kuti mwana wa bwana amapita kuti, ndipo mtsikana wa kumudzi amafika pachipatala ali bwanji.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu owerenga mumakhulupirira kuti moyo umayamba pomwe mayi watenga pakati, ndipo kuchotsa mimba ndi kupha. Sindikuona chikhulupiriro chimenechi ngati umbuli, ndipo pano ndili ndi dandaulo lina pa mafilimuwa. Kawirikawiri munthu wotsutsa amakhala dokotala wouma mtima, woweruza wodzikuza kapena mtsogoleri wa chipembedzo wachinyengo. Sationetsa mayi wachifundo amene amakana kuchotsa mimba kuchokera pansi pa mtima, amene angalere mwana wa mnzake kuti mimbayo isachotsedwe. Anthu otere alipo, ndi azakhali athu, ndi anzathu a m'kalasi. Filimu imene ikuwajambula ngati zilombo ikulalikira kwa otembenuka kale. Koma nawonso otsutsawo mafilimuwa akuwasiyira funso limene sangalilumphe. Romania inayesa kuletsa ndi mphamvu zonse za boma, ndi apolisi achinsinsi omwe, kwa zaka 23. Mimba sizinaleke kuchotsedwa, ndipo manda a amayi anachuluka. Munthu angathe kukhulupirira kuti chinthu ndi tchimo, n'kufunsabe ngati ndende ndi imfa ya m'bafa ndiyo njira yochichepetsera. Mayiko amene mimba zochotsedwa zinatsika kwambiri, kuphatikizapo Romania yomweyo m'zaka zotsatira, anafika pamenepo njira zolerera zitayamba kupezeka mosavuta.

Chinanso chimene sinema yatsalira nacho m'mbuyo ndi mmene njira zamseri zasinthira. M'zaka za m'ma 1980 amayi a ku Brazil anatulukira kuti mankhwala ena a zilonda za m'mimba, misoprostol, amachotsa pakati. Lero mankhwalawa ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira, ndipo azamba amawagwiritsanso ntchito poletsa kutaya magazi mayi akabereka. Wamseri wa masiku ano nthawi zambiri sakhala ndi chikwama cha zitsulo ngati Bebe. Ndi nambala ya pa WhatsApp, ndi wogulitsa mankhwala wosafunsa mafunso, ndi kapepala komatidwa pa mtengo wa magetsi monga timaonera m'misewu ya Johannesburg, kumene kuchotsa mimba n'kololedwa koma manyazi ndi mizere ya kuchipatala zimakankhirabe atsikana kwa akathyali. Ena mwa anthuwa amapereka uphungu woona, ena amagulitsa mapiritsi abodza. Mtsikana ali yekha m'chipinda ndi foni, sakudziwa kuti magazi akafika pati athamangire kuchipatala, ndipo akuopa kuti akapita akamufunsa chiyani. Filimu imeneyo ndikuidikirabe, ndipo ndikukhulupirira kuti woyenera kuipanga ali pakati pa ife, mwina m'kalasi ya zisudzo ku Zomba kapena ku Lusaka.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa nkhaniyi amene amva m'mimba akhala akutsekula zitseko zakuseri kwa zaka zambiri, pamene ena tonse tikukangana pa wailesi. Mukapeza mpata woonera mafilimuwa, yambani ndi ya Mungiu, kenako ya Haroun, ndipo muonere ndi mnzanu amene simugwirizana naye maganizo. Ikatha musafunsane kuti ngwazi ndani. Mufunsane kuti Otilia akanakhala wa pa hositelo yanu, akanagogoda pa chitseko cha ndani, ndipo akanalipira chiyani.